Mnofu wa kuseri kwa ntchafu wang'ambika: ndidalire makina a ultrasound kapena mankhwala opaka?

Funso

Ndine bambo wa zaka 34 ndipo ndimasewera mpira kumapeto kwa sabata pongofuna kulimbitsa thupi. Masiku 5 apitawo, ndikuthamangira mpira, ndinamva kuseri kwa ntchafu ngati wina wandigenda ndi mwala, ndipo ndinatuluka m'bwalo ndikutsimphina. Panopa patupa, pada bii mpaka cha kubondo, ndipo ndikawerama pamandipweteka. Wa mafizo amene ndinakaonana naye akuti ndipiteko maulendo 10 azikandiika pa makina a ultrasound kuti kutupaku kuthe. Mnzanga wina akuti ndingopaka mankhwala otentha aja n'kutikita mwamphamvu, wina akuti gel wa diclofenac ndiye weniweni. Ndamvanso kuti makinawo amatha kukankhira mankhwala opaka mkati mwa mnofu. Chingachotse kutupaku msanga n'chiti? Ndikufuna kubwerera m'bwalo.

Yankho

Pepani kwambiri, achimwene. Mmene mwafotokozeramu, mwang'amba mbali ina ya minofu ya kuseri kwa ntchafu, imene imapinda bondo ndi kugwira mwendo kuti usaponyeke kutsogolo munthu akamathamanga liwiro. Ndi ngozi imene ife a mafizo timakumana nayo pafupipafupi mwa osewera mpira. Ndikuyankheni kaye mwachidule, poti mwendowo ukukusowetsani mtendere. Pa zitatu zimene mwatchulazi, chimene kafukufuku anatsimikiza kuti chimachepetsa ululu ndi gel wa diclofenac. Makina a ultrasound sanaonetse kuti amachiritsa msanga mnofu wong'ambika. Mankhwala otentha ndi kutikita mwamphamvu, zisiyeni kaye. Koma chimene chidzakubwezereni m'bwalo palibe pa zitatuzi: ndi mafizo oyamba msanga, owonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Ndiyambe ndi kutupako, chifukwa ndiko mwakutenga ngati mdani.

Mawu akuti kutupa timawatchula pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali kufufuma kumene mukuona ndi maso, kumene kwabwera chifukwa magazi ndi madzi zadzaza malo ovulalawo. Palinso ntchito imene thupi limayamba lokha pakavulala, imene zizindikiro zake zinayi anazilemba Celsus wa ku Roma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo: kufiira, kutentha, kufufuma ndi ululu. Ntchito yachiwiriyi ndiyo chiyambi cha kuchira kwa mnofu.

Mnofu ndi mtolo wa tiulusi tambirimbiri. Ukang'ambika, tiulusi tina timaduka pamodzi ndi timitsempha ta magazi, ndipo magazi amadzaza mpata umene watseguka. Kuda kumene mukuonaku ndi magazi amenewo. Amatsikira m'munsi, n'chifukwa chake afika kubondo pamene bala lenilenilo lili kumtunda. M'maola oyambirira maselo oyera a magazi amathamangira pamalopo. Oyamba kufika ndi otchedwa neutrophil, kenako pamabwera ena akuluakulu otchedwa macrophage, amene amadya tizidutswa ta mnofu wakufa. Akamaliza kusesa, ma macrophage omwewo amasintha ntchito n'kuyamba kutulutsa zinthu zodzutsa maselo ena aang'ono amene amagona m'mbali mwa kaulusi kalikonse ka mnofu. Maselo amenewa, otchedwa satellite, anawatulukira ndi Alexander Mauro mu 1961, ndipo ndiwo amachulukana n'kuphatikana kupanga ulusi watsopano. Nthawi yomweyo thupi limaluka chipsera cholumikiza mbali ziwiri zodukazo. Zili ngati khoma la nyumba likagwa: amayamba ndi ochotsa zogumukazo, omanga n'kubwera pambuyo, ndipo mukathamangitsa oyambawo, omangawo amasowa poyambira.

N'chifukwa chake maganizo a akatswiri asintha. Dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, ndiye anatchukitsa mu 1978 malangizo akuti munthu akavulala apumule, aikepo madzi oundana, amange bandeji ndi kukweza mwendo m'mwamba. Mu 2014 yemweyo analemba kuti kuziziritsa kwambiri ndi kungogona osasuntha kungachedwetse kuchira. Mu 2019 a mafizo awiri a ku Canada, Blaise Dubois ndi Jean-François Esculier, anafika ponena kuti m'masiku oyambirira munthu apewe mankhwala oletsa kutupa. Pa nkhani ya mankhwala opaka ine sindifika pamenepo, ndipo ndinena chifukwa chake, koma mfundo yawo yaikulu ndikugwirizana nayo. Chimene tikufuna ndi kuchepetsa ululu ndi kufufuma mokwanira kuti mwendo uyambe kugwira ntchito, osati kuzimitsa ntchito yonse ya thupi.

Tsopano makina aja. Ultrasound ya sikani, imene amaunikira nayo amayi oyembekezera, imajambula zamkati mwa thupi, ndipo pa vuto lanuli ingathandize kuona kukula kwa bala ndi magazi amene adzazamo. Imene akufuna kukuikaniyo ndi ina, sijambula kanthu. Mkati mwa kamutu kamene amayendetsa pakhungu muli kachidutswa kokhala ngati mwala kamene kamanjenjemera magetsi akakadutsa, chinthu chimene abale awiri, Pierre ndi Jacques Curie, anachitulukira m'zaka za 1880 ndi 1881. Khutu la munthu limamva phokoso lonjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi. Makinawa amanjenjemera ka 1 miliyoni (1 MHz) kapena ka 3 miliyoni (3 MHz) pa sekondi, ndiye simumva chilichonse. Pa 1 MHz mafunde ake amalowa masentimita 3 mpaka 5, pa 3 MHz amathera pa masentimita osaposa 2. Gel woonekera ngati madzi amene amapaka uja si mankhwala. Mafundewa sadutsa mumpweya, choncho pamafunika chonyowa pakati pa kamutuko ndi khungu.

Makinawa amawatchera m'njira ziwiri. Mafunde akamatuluka mosalekeza amatenthetsa zamkati, ndipo cholinga chimakhala kufikitsa malowo pa madigiri 40 mpaka 45 kuti magazi ayende bwino ndi kuti mitsempha youma ifewe. Akamatuluka modukizadukiza, mwachitsanzo kuyaka gawo limodzi pa magawo asanu a nthawi, satenthetsa kwenikweni. Amagwedeza madzi a pakati pa maselo ndi tithovu ta mpweya tosaoneka ndi maso, ndipo amati kugwedezako kumalimbikitsa maselo kugwira ntchito. Pa bala latsopano ngati lanu amasankha njira yachiwiriyi, kwa mphindi 5 mpaka 10. Taonani kuti ngakhale akatswiri amene amawakhulupirira makinawa sanena kuti amazimitsa kutupa. Amati amakufulumizitsa kuti kudutse msanga.

Maganizo amenewa amamveka bwino, ndipo maselo oikidwa m'timbale ta mu labotale amaonetsadi kusintha. Vuto limabwera tikafika pa chamoyo chathunthu. Mu 1999 Rantanen ndi anzake anavulaza dala minofu ya makoswe, ena n'kuwapatsa ultrasound yodukizadukiza. Maselo a satellite aja anachulukadi, koma ulusi watsopano wa mnofu sunapangike msanga kuposa wa makoswe osapatsidwa. Mu 2001 Valma Robertson ndi Kerry Baker anasonkhanitsa malipoti 35 a kafukufuku wochitidwa pa anthu odwala. Ochitidwa mwadongosolo lokhutiritsa anali 10 okha, ndipo mwa amenewo 8 anapeza kuti makina oyaka sanapose makina ozimitsa amene odwala ankaganiza kuti akugwira ntchito. Awiri amene anaona phindu sanali a mnofu wong'ambika: lipoti lina linali la mtsempha wopanikizika padzanja, lina la calcium wounjikana mumtsempha wa paphewa. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, litaunika mu 2011 za anthu obinya kakolo, linapezanso kuti phindu lake, ngati lilipo n'komwe, ndi lochepa kwambiri.

Zimenezi sizodabwitsa tikaganizira mmene mafundewo amayendera. Amayamwidwa kwambiri ndi ziwalo zolimba, monga mitsempha yolumikiza mnofu ku fupa ndi pamwamba pa fupa penipeni. Mnofu uli ndi madzi ambiri komanso magazi ambiri oyenda, ndiye kutentha kochepa kumene kwalowako magaziwo amakukokolola. Kamutu ka makina n'kakang'ono, pamene bala la kuseri kwa ntchafu limatha kutalika masentimita angapo ndipo nthawi zambiri limakhala mkati, pansi pa khungu ndi mafuta. Palinso nkhani ina imene ife a mafizo sitiikamba mokwanira: akatswiri atayeza makina a m'zipatala m'mayiko angapo, anapeza ambiri akutulutsa mphamvu yosiyana ndi imene nambala zake zikuonetsa. Ngati makina sayezedwa chaka ndi chaka, woyendetsayo, ngakhale akhale waluso chotani, sadziwa chimene akupereka.

Sindikunena kuti wa mafizo wanuyo akukunamizani. Makinawa akhala m'zipinda za mafizo kuyambira cha m'ma 1950, ambiri a ife tinawaphunzira kusukulu, ndipo inenso ndinawayendetsa zaka zambiri pa minofu yong'ambika. Odwala ankandiuza kuti akupeza bwino, ndipo sankanama. Munthu wagona phee mphindi 10, wina akumusisita mofatsa ndi chinthu chozizira bwino uku akumumvetsera, ululu umatsikadi. Komanso maulendo 10 amatenga masabata awiri kapena atatu, nthawi imene mnofu umakhala ukuchira wokha, ndiye makina amatamandidwa pa ntchito imene thupi lagwira. Chimene chimandiwawa ndikakumbukira ndi mphindi zonse zimene zinathera pa makina, pamene wodwalayo akanatha kuphunzira mafizo oti azikachita kunyumba.

Akawayendetsa bwino makinawa saopsa, koma pali malo amene sayenera kufikapo: pamimba kapena kumsana kwa mayi woyembekezera, pamaso, pa chotupa cha khansa, pa mtsempha umene magazi aundana, pa bala la mafinya, pafupi ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ndi kumapeto kwa mafupa a ana amene akukula. Malo a dzanzi, monga mapazi a ena odwala shuga, nawonso ayi, chifukwa munthu sangamve kuti akupsa. M'masiku awiri kapena atatu oyambirira, magazi akadali kutuluka mkati, njira yotenthetsa ija ndi yoletsedwa. Kamutuko kasaime malo amodzi. Mukamva kuwawa kobaya mkati ngati fupa likuwotchedwa, nenani nthawi yomweyo kuti asiye.

Zimene mwamva zokankhira mankhwala mkatizo zilipodi, dzina lake ndi phonophoresis. M'malo mwa gel wamba amapaka wosakaniza ndi mankhwala monga hydrocortisone, dexamethasone kapena diclofenac, n'kuyendetsapo makina. Mafunde amatha kumasula pang'ono kachikopa kakunja kwa khungu, koma amene amachita zimenezi mwamphamvu ndi onjenjemera ka 20,000 mpaka ka 100,000 pa sekondi, otsika kwambiri kuposa a makina a mafizo. Chinanso, mankhwala ambiri okhala ngati kirimu woyera amatchinga mafundewo m'malo mowadutsitsa. Ndipo mankhwala amene adutsa khungu amakumana ndi timitsempha ta magazi timene timawatenga n'kupita nawo asanafike pa mnofu wakuya. Kafukufuku amene alipo ndi wa anthu ochepa, wambiri mwa iye wa nyamakazi ya m'bondo, ndipo zotsatira zake sizigwirizana. Pa mnofu wong'ambika sindingakulangizeni kutaya ndalama kapena kuyenda ulendo chifukwa cha zimenezi. Gel wa diclofenac amalowa pakhungu yekha.

Diclofenac ali m'gulu limodzi ndi ibuprofen ndi ketoprofen. Onsewa amatseka chinthu cha m'thupi (enzyme) chotchedwa COX, chimene chimapanga ma prostaglandin, zinthu zimene zimachititsa kuti mitsempha ya pabala izimva kuwawa ngakhale pangokhudzidwa pang'ono. Apa umboni ulipo wogwirika. Mu 2015 a Cochrane anaunika malipoti 61 okhudza anthu oposa 8,000 obinya, okokeka minofu kapena ovulala mofanana ndi zimenezi. Mwa anthu 10 alionse amene anapaka gel wa diclofenac kapena ketoprofen, 7 kapena 8 anali atapeza bwino kwambiri pakutha pa masiku 7, pamene mwa opaka gel wopanda mankhwala anali 2 kapena 3 okha. Zovuta zimene zinaoneka zinali za pakhungu, kufiira ndi kuyabwa, mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 20 alionse, ndipo opaka gel wopanda mankhwala nawonso zinawachitikira chimodzimodzi.

Ubwino wake waukulu poyerekeza ndi mapiritsi ndi wakuti mankhwala ofika m'magazi ndi ochepa, pafupifupi 6 peresenti ya amene angafike mutamwa diclofenac wa mapiritsi. Mapiritsi a gulu limeneli amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuvutitsa impso ndi kukweza BP. N'chifukwa chake mu 2020 mabungwe awiri a madokotala ku America, American College of Physicians ndi American Academy of Family Physicians, analangiza kuti munthu wamkulu akavulala mnofu kapena mfundo, kupatula msana, ayambe ndi mankhwala opaka amenewa asanaganize za mapiritsi.

Koma ali ndi malire ake. Gel amagwira bwino pamene bala lili pafupi ndi khungu, monga pa kakolo, bondo kapena chigongono. Bala lanu lingakhale lakuya, ndiye musadabwe ululu ukangotsikako osatheratu. Komanso ululu ukachepa sindiye kuti mwachira. Chipsera chija m'masiku 10 oyambirira chimakhala chidakali chanthete, ndipo munthu amene wapaka mankhwala n'kuthamanga poti sakumvanso kuwawa amang'ambanso pomwe paja. Nanga nkhawa ya a ku Canada aja, yakuti mankhwalawa amachedwetsa omanga? Inachokera makamaka pa nyama zimene zinapatsidwa mankhwala akumwa kapena obaya. Ma prostaglandin amathandizadi kudzutsa maselo a satellite, ndiye sindikonda kuti munthu azimwa mapiritsi oletsa kutupa tsiku ndi tsiku kwa masabata. Koma gel wa masiku ochepa, pa tsiku lachisanu ngati lanuli, kuti mugone tulo ndi kuyenda osatsimphina, ndimamuvomereza ndi mtima wonse. Ululu ukafuna china chowonjezera, yambani ndi paracetamol.

Pakani pakhungu louma, lopanda chilonda. Mlingo wa gel wa 1 peresenti nthawi zambiri ndi magalamu 2 mpaka 4, katatu kapena kanayi patsiku, pamene wa 2 peresenti ndi kawiri patsiku. Tsatirani kapepala ka m'bokosi lake. Pakani mofatsa mpaka alowe, musambe m'manja, ndipo musakulunge ndi pulasitiki kapena kuikapo botolo la madzi otentha pamwamba pake. Pakatha masiku 7 osasintha, bwererani kwa dokotala m'malo mongopitiriza. Musaphatikize gel ndi mapiritsi a diclofenac kapena ibuprofen musanafunse. Amene aspirin amawadzutsira mphumu kapena zidzolo asapake, ndipo amene ali ndi vuto la impso, zilonda za m'mimba kapena akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana afunse kaye dokotala. Kwa amayi amene angawerenge yankholi ali oyembekezera, m'miyezi itatu yomaliza mankhwala a gulu limeneli ndi oletsedwa ngakhale opaka, ndipo miyezi ina yonseyo ayambe afunsa kusikelo. Ketoprofen ali ndi vuto lakelake: khungu lopakidwa likawombedwa ndi dzuwa limatha kutuluka matuza, ndiye liziphimbidwa nthawi yonse yopaka ndi masabata awiri otsatira.

Mankhwala otentha amene mnzanuyo akunena nthawi zambiri amakhala ndi menthol, camphor kapena methyl salicylate. Kutentha kumene mumamvako sikufika pa mnofu. Amangonyenga mitsempha ya pakhungu kuti imve kuzizira kapena kutentha, ndipo ubongo ukatanganidwa ndi zimenezo umaiwalako ululu wamkati kwa kanthawi. Pa minofu yongotopa ndi masewera amathandiza, koma ali ndi ngozi zake. Mu 2012 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti anthu ena anapsa khungu kwambiri ndi mankhwala otere, makamaka okhala ndi menthol kapena methyl salicylate wambiri, ndipo linaletsa kumanga bandeji yothina kapena kuikapo chotenthetsa pamalo opakidwa. Methyl salicylate ndi m'bale wake wa aspirin ndipo amalowa m'magazi, moti munthu amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akhoza kuyamba kutaya magazi.

Chimene ndikuopa kwambiri pa malangizo a mnzanuyo ndi kutikita. Zala zikakanikiza mwamphamvu pa bala la masiku 5 zimadula timitsempha tatsopano ndi kung'amba chipsera chanthete, magazi n'kuyambanso kutuluka. Pa ntchafu, makamaka yomenyedwa ndi bondo la wina, nthawi zina pamene magazi anaunjikana pamamera fupa mkati mwa mnofu, matenda otchedwa myositis ossificans, ndipo kutikita msanga, kuthowa ndi madzi otentha ndi kukoka mwendo mokakamiza ndi zina mwa zimene timaletsa poopa ngoziyo. Kusisita mofatsa m'mbali mwa bala kulibe vuto. Kutikita kozama kudikire masabata angapo.

Zina ndingodutsamo. Kirimu wa hydrocortisone kapena betamethasone ndi wa matenda a pakhungu. Pa mnofu safika, ndipo mukamupaka nthawi yaitali khungu limapyapyala. Capsaicin, mankhwala opaka ochokera ku tsabola, ndi wa ululu wokhalitsa, amafuna masabata kuti agwire. Arnica, mankhwala opaka ochokera ku chomera, alibe umboni wolimba. Madzi oundana okutidwa ndi kansalu, mphindi 10 mpaka 15, amapha ululu m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, koma pofika tsiku lachisanu ntchito yawo yatha. Kufufuma kumene kukukudetsani nkhawako kumatsika ndi bandeji yotanuka yosathina kwambiri, kukweza mwendo mukamapuma, ndi kuyenda, chifukwa minofu ikamafinyika imapopa madziwo kubwerera m'mitsempha.

Apa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima wanu wonse. Mu 2017 Monika Bayer ndi anzake ku Copenhagen anafalitsa zotsatira za osewera 50 osalipidwa ngati inu, ong'ambika kwambiri minofu ya ntchafu kapena ya katumba. Ena anayamba mafizo patatha masiku 2, ena patatha masiku 9, mafizo ake omwewo. Oyamba msangawo anabwerera ku masewera patatha masiku pafupifupi 62, enawo 83. Kuchedwa kwa sabata imodzi kunawadyera masabata atatu, ndipo oyamba msangawo sanavulalenso kuposa anzawo. Ku Sweden, Carl Askling ndi anzake mu 2013 anayerekeza mitundu iwiri ya mafizo mwa akatswiri a mpira ovulala pamalo ngati panupa. Ochita mafizo olimbitsa mnofu uku ukutalika anabwerera patatha masiku 28, enawo 51. Palibe makina kapena mankhwala opaka amene anaonetsapo kusiyana kotere. Ulusi watsopano ndi chipsera zimayalana motsatira mbali imene zikukokedwera. Mnofu wongogona umachira ndi chipsera chopiringizika, ndipo mbali imene sinavulale imafota.

Inu muli pa tsiku lachisanu, ndiye nthawi yakwana kale. Yendani mtunda umene mungathe osatsimphina. Ngati simungathe, ndodo ikuthandizeni masiku ochepa. Mutagona chagada bondo litapindika, kanikizani chidendene pansi kwa masekondi 5 mpaka 10, mobwereza, ndi mphamvu imene ikungomveka pang'ono pabalapo. Zimenezi zikapepuka, yambani kukweza matako mutagona chomwecho, choyamba ndi miyendo iwiri kenako umodzi. Pambuyo pake pamabwera kuwongola bondo pang'onopang'ono mutagwira ntchafu ndi manja, ndiponso kuwerama mutaima ndi mwendo umodzi. Lamulo limene ndimauza odwala anga n'lakuti ululu pochita mafizo usapose 3 kapena 4 pa 10, ndipo m'mawa mwake musadzuke mwendo utaipirapo. Kukoka mnofu mokakamiza kuti uwongoke, sabata yoyambayi ayi. Kuthamanga mudzayambe mutayenda kaye ndawala osamva kanthu.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, za gel ndi makina muzisiye, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ululu uli pafupa limene mumakhalira, kuda kwa magazi kwafalikira ntchafu yonse, mukumva kadzenje pansi pa thako ndipo bondo likukanika kupindika ndi mphamvu, mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa ungakhale utazuka pafupapo. Zotere zimafuna sikani ya MRI, ndipo ngati pafunika opaleshoni, imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira. Dzanzi kapena kufooka kotsika mpaka kuphazi kungasonyeze kuti mtsempha waukulu wa sciatic, umene umatsika kuseri kwa mwendo, wakhudzidwa. Katumba akatupa, kutentha ndi kuwawa popanda chifukwa, makamaka mukayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, magazi angakhale ataundana mumtsempha, ndipo zimenezi zimapha. Ntchafu ikalimba gwa ululu n'kumangokula ngakhale mwapuma, kapena mkodzo ukada, kapena thupi likatentha, musagone nazo.

Mukapitanso kwa wa mafizo uja, musakangane naye za makina. Mupempheni akuyeseni mphamvu ya mwendo wovulalawo poyerekeza ndi winawo, akuuzeni kukula kwa bala, ndipo akulembereni mafizo oti muzichita kunyumba tsiku lililonse, n'kumawasintha mukamalimba. Ngati akufunabe kuyendetsa ultrasound mphindi 5 kumapeto, ndipo sizikukudyerani ndalama kapena nthawi ya mafizo, sizikuvulazani. Koma ngati nthawi yonse ikuthera pa makinawo, maulendo 10 amenewo sakupindulirani.

Bala laling'ono limatenga masabata 2 kapena 3, lapakati ngati limene mwafotokozali masabata 4 mpaka 8, nthawi zina kupitirira. M'bwalo mudzalowe pamene pabalapo sipakupweteka mukapakanikiza, miyendo yonse iwiri ikufanana mphamvu ndi kuwongoka, ndipo mwathamanga liwiro lanu lonse pa masiku angapo osiyana osamva kanthu. Ambiri amene amang'ambanso, zimawachitikira m'masabata oyambirira atabwerera, ndiye masewero oyamba mudzasewere chigawo chimodzi chokha. Mukachira, phunzirani mafizo otchedwa Nordic: mumagwada mnzanu atakugwirani akakolo, inu n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono mukudzigwira ndi minofu ya kuseri kwa ntchafuyo. Kafukufuku wa mu 2019 wophatikiza osewera oposa 8,000 anapeza kuti amachepetsa kuvulala kotereku ndi theka. Muziwachita kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo musadzawasiye ngakhale mwendo utasiyiratu kukukumbutsani.